Zoyanga pa Silikoni ndi pa Galasi: Funsani, Tiyankhe

Funso: Ndine mmisiri woika matailosi ndi masinki. Chaka chatha ndinamata m'mbali mwa bafa ya kasitomala wina ndi silikoni wolembedwa pachubu kuti sachita nkhungu. Pano wayanga timadontho takuda, ndipo mwininyumba akuti ndinamuikira wachinyengo. Kodi mlandu ndi wanga, wa silikoniyo, kapena wa iyeyo?

Yankho: Achimwene, mlanduwu ugawidwe patatu, koma gawo lanu likhoza kukhala laling'ono.

Tiyambe ndi chinthu chimene mumafinya m'chubucho. Ndi mphira wopangidwa ndi anthu. Msana wake ndi unyolo wa maatomu a silicon ndi a okosijeni osinthanasinthana, ndipo m'mbali mwa unyolowo mwalendewera timagulu ta kaboni ndi haidirojeni totchedwa methyl. Akatswiri amautchula mwachidule kuti PDMS. Silicon yemweyo ndi amene ali mumchenga, m'galasi ndi m'matchipi a foni, koma kumeneko amakhala wouma gwa. Nkhungu sidya silikoni, ndipo sidya galasi. Imadya zimene zakhala pamwamba pake: thovu la sopo louma, mafuta a pathupi, tizidutswa ta khungu, zotsalira za shampu.

Zinthu zimayenda motsatizana chonchi. Madzi osamba akangokhudza silikoni watsopano, pasanathe mphindi zingapo mafuta ndi mapuloteni amakhala atamatirira kale. Silikoni amakana madzi, n'chifukwa chake mumamukonda, koma chinthu chokana madzi chimakoka mafuta ndi mapuloteni. Amenewa ndiwo amayala mphasa. Pakapita maola, mabakiteriya amabwera kudzakhala pamphasapo, amaswana, n'kutulutsa zinthu zonanda zimene amadzikuta nazo. Kachikuto koterera kameneka ndi kamene kamatchedwa biofilm. Ngati munapitsapo chala mkati mwa paipi ya sinki n'kumva kuterera, mwakagwirapo. Nkhungu yakuda imene mwininyumba akuiona imabwera pambuyo, malo atakonzedwa kale.

Nanga mankhwala opha nkhungu aja? Alimo ndithu, opangawo sananame. Koma kuti aphe ayenera kutuluka m'silikonimo n'kufika pamwamba, ndipo akafika pamwamba madzi amawakokolola. Munthu aliyense akasamba amachepako. Kuwonjezera apo, sopo akaunjikana, nkhungu imamera pasopoyo osakhudza n'komwe mankhwalawo. Ndiye mawu akuti "sachita nkhungu" muziwamva kuti "amachedwa kuchita nkhungu".

Gawo lanu lili pa kamatidwe. Mzere wa silikoni wolowa mkati ngati kangalande umasunga madzi, pomwe wopendekera kubafa umawatsitsa. Wokhakhala umagwira litsiro m'timaenje. Ndipo cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kumata watsopano pamwamba pa wakale. Silikoni watsopano sagwira bwino pa wouma kale, madzi amalowa pakati pawo, nkhungu n'kumamera mkati momwe burashi singafike. Dulani wakaleyo yense, pukutani ndi sipiriti, malowo aume, matani, ndipo pasathiridwe madzi kwa tsiku lathunthu. Gawo la mwininyumba ndi losavuta koma lotopetsa: kupukuta m'mbalimo akatha kusamba ndi kusiya windo lotsekula.

Pa amene wada kaleyu, nyowetsani thonje ndi jiki, liyaleni pamzerewo kwa maola angapo. Musasakanize jiki ndi viniga kapena mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wa klorini umene umawononga mapapo. Kuda kukatsalabe ndiye kuti nkhungu yalowa mkati, palibenso chochita koma mpeni. China n'chakuti silikoni wa mankhwalayu musadzamatire thanki ya galasi yowetera nsomba, amazipha.

Funso: Ndinawerenga kuti sitima zapamadzi amazipaka penti ya silikoni n'cholinga choti zinthu zisamatirire pansi pake. Koma kwathu silikoni wa m'bafa ndiye amayanga msanga kuposa matailosi. Zoona zake ndi ziti?

Yankho: Zonse ziwiri. Penti imeneyo siletsa zamoyo kukhalapo. Imangochititsa kuti zigwire mofooka, kenaka madzi amazikokolola sitima ikathamanga. Bafa yanu sithamanga.

Vuto la sitima ndi lalikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Pansi pake pamayamba kuterera, kenaka ndere, kenaka tizilombo ta zigoba zolimba totchedwa barnacle pamodzi ndi nkhono zomata. Mu 2007, Michael Schultz wa ku US Naval Academy anawerengetsera kuti sitima yankhondo imene pansi pake padzadza zigoba ingafune mphamvu yowonjezera yofika 86 peresenti kuti iyende paliwiro lake la masiku onse. Ngakhale kuterera kokha, popanda chigoba n'chimodzi chomwe, kumaonjezera mafuta moonekeratu.

Kwa zaka zambiri yankho linali poizoni. Woopsa kwambiri anali TBT, mankhwala okhala ndi chitsulo cha tin, amene anafala kuyambira m'ma 1960. Ankagwira ntchito modabwitsa, ndipo n'chimene chinavuta. Ku Arcachon, m'dziko la France, alimi a nkhono za oyster anaona zigoba zikupindika ndi mbewu ikulephera kuswana chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kwina nkhono zazikazi zinayamba kumera ziwalo zachimuna. France inaletsa TBT pamabwato osakwana mamita 25 mu 1982. Bungwe loona zamaulendo apanyanja la IMO linavomereza pangano loletsa mankhwalawa mu 2001, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2008. Penti zambiri lero zimadalirabe kopa, amenenso ndi poizoni, kungoti wocheperako ukali.

Silikoni anabwera ndi nzeru ina. Wasayansi wa ku America, Robert Baier, anaonetsa kuti zamoyo zimagwira mofooka kwambiri pamalo amene mphamvu yake yokoka ili pakati pa 20 ndi 30 pamuyeso wa mN/m, ndipo silikoni ali pomwepo. Chachiwiri, n'chimene ine chimandisangalatsa, ndi kufewa. Barnacle womata pachitsulo cholimba ayenera kuzulidwa yense nthawi imodzi, ndipo guluu wake ndi wamphamvu. Koma pamphira wofewa, m'mphepete mumayamba kutukuka pang'ono, mng'alu n'kuyenda pansi pake mpaka wasendeka. N'chifukwa chake pentiyi amaipaka mochindikala.

Zofooka zake zilipo. Imayenera sitima zothamanga ndi zosakhalitsa padoko. Imakandika msanga. Ndipo tindere tating'onoting'ono totchedwa diatom timakonda malo okana madzi, moti timakakamira ngakhale sitima ili paliwiro. Opanga penti masiku ano amaika pamwamba pa silikoniyo kachikuto kokonda madzi kuti athane ndi timeneti.

Funso: Bambo anga amakhala ndi chubu cha mkodzo cha silikoni. Chimatsekeka pafupipafupi, ndipo akachichotsa timaona timiyala toyera mkati. Wina anandiuza za machubu opaka siliva amene amapha tizilombo. Ndiwafunefune?

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawo. Ine sindingakulimbikitseni kuvutika ndi siliva. Kafukufuku wamkulu wa m'zipatala za ku Britain, wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012, anayerekeza machubu a siliva ndi wamba pa odwala oposa 6,000 amene anaikidwa chubu kwa masiku ochepa. Siliva sanachepetse matenda a njira ya mkodzo mokwanira kuti n'kunena kanthu. Ngati analephera pamasiku ochepa, musayembekezere zambiri pamiyezi.

Timiyala mukutionato kawirikawiri ndi ntchito ya bakiteriya wotchedwa Proteus mirabilis. Amaphwanya urea wa mumkodzo n'kupanga amoniya. Mkodzo ukasintha motero, mchere wa kashiamu ndi maginiziyamu umene unali wosungunuka umauma n'kukhala timiyala, timene timakodwa m'kachikuto koterera kaja mpaka bowo latsekeka. Mabakiteriya okhala m'biofilm amapirira mankhwala kuposa oyandama okha, nthawi zina kuwirikiza mazana. Ndiye maantibayotiki sayeretsa chubu. Pafupifupi aliyense wokhala ndi chubu kwa mwezi amakhala ndi mabakiteriya mumkodzo, ndipo madokotala sapereka mankhwala pachifukwa chokhacho ngati munthu sakudwala.

Chubu cha silikoni yekhayekha chili ndi ubwino umodzi weniweni: khoma lake ndi lopyapyala, choncho bowo lake ndi lalikulupo kusiyana ndi la mphira wa latex la saizi yomweyo, ndipo limachedwa kutsekeka. Chikhoza kukhala mpaka masabata 12, koma kwa munthu amene amapanga timiyala chiwerengero chimenecho chilibe ntchito. Lembani m'kabuku tsiku loika ndi tsiku lotsekeka. Mukaona kuti chimatseka pakapita masabata angati, pitani nako kabukuko kwa anamwino kuti azisintha nthawiyo isanakwane. Bambo azimwa madzi okwanira ngati dokotala sanawaletse, thumba lizikhala m'munsi mwa chikhodzodzo, paipi isapindike, polumikiza pasamatsekulidwe mwachisawawa, ndipo muzisamba m'manja musanagwire. Akatentha thupi, akasokonezeka mutu, akamva ululu m'munsi mwa mimba, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo nthawi ndi nthawi muzifunsa dokotala ngati chubucho chikufunikabe.

Funso: Ndine wophunzira, ndipo tikupanga kachipangizo koyeza zinthu m'madzi pogwiritsa ntchito tchipi cha silicon chokhala ndi timipata ta PDMS. M'madzi oyera a mulabotale chimayeza bwino. Tikachiika m'madzi a mumtsinje kapena m'madzi a magazi, pakapita masiku awiri manambala amayamba kusokonekera. Tipake chiyani?

Yankho: Ili ndiye funso la kumtima kwanga, ndiye mundilole nditalikitse.

Mdani wanu woyamba si bakiteriya, ndi puloteni. M'ma 1960, Leo Vroman anaonetsa kuti magazi akakhudza galasi, mapuloteni amafika motsatizana n'kumalandana malo. Aang'ono ndi ochuluka monga albumin amafika msanga, kenaka okakamira monga fibrinogen amawachotsa. Zonsezi zimachitika m'masekondi ndi mphindi. Chipangizo chanu chikamayeza tsiku lachiwiri, chimakhala chikuyeza kudzera m'chikuto chimene simunachiike inu. Ndiye nkhondo ipambanidwe pachiyambi pomwe, mphasa ija isanayalidwe.

Njira yodalirika ndi kuphimba silicon ndi madzi. Zikumveka zachilendo, koma ndi momwemo. Mumamangirira pamwamba pake timaunyolo tokonda madzi kwambiri, timene timagwira madzi mothina moti puloteni ikafika sipeza poponda. Gulu la George Whitesides ku Harvard, litayesa zopaka zambirimbiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, linapeza kuti zokana mapuloteni bwino zimakhala zokonda madzi ndiponso zopanda chaji yamagetsi yotsalira. Chodziwika kwambiri ndi PEG, chidule cha polyethylene glycol, amene ndi unyolo wokonda madzi. Mumatsuka tchipi ndi plasma ya okosijeni, umene ndi mpweya wopatsidwa chaji ndi magetsi, kuti pamwamba pake padzadze timagulu ta silicon, okosijeni ndi haidirojeni totchedwa Si-OH, kenaka mumachiviika m'mankhwala a silane okhala ndi mchira wa PEG. Mutu wa silane umagwira pa Si-OH, mchira n'kuimirira m'madzi. Chofunika ndi kuthithikana kwa michirayo. Pakakhala mipata, puloteni imalowa pampatapo, ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Chinyezi chikachuluka m'botolo la silane, amagwirana okhaokha n'kupanga timibulu m'malo moyala bwino. Botolo lotsekulidwa kalekale litayeni.

PEG ali ndi matenda awiri. Okosijeni amamudya pang'onopang'ono, makamaka pakakhala zitsulo zosungunuka m'madzimo, ndipo madzi a mumtsinje ali nazo. Komanso mfundo imene silane wagwirira pagalasi imamasuka m'madzi amchere ofunda. Pa ntchito ya maola kapena masiku ochepa ndi wokwanira. Pa ntchito ya masabata yang'anani zopaka za zwitterion, zokhala ndi chaji ya pulasi ndi ya mainasi pamolekyu imodzi, monga sulfobetaine ndi carboxybetaine, zimene Shaoyi Jiang anazifufuza kwambiri ali ku University of Washington. Palinso MPC wa akatswiri a ku Japan, wotengera khungu lakunja la maselo athu. Zimenezi zimagwira madzi mwamphamvu kuposa PEG ndipo sizidyeka msanga. Ngati muli ndi zipangizo zake, mungathenso kuchotsa chikuto cha okosaidi chonga galasi chimene chimakhala pamwamba pa silicon ndi kumangirira unyolo pa silicon yeniyeniyo, kaboni kugwira silicon mwachindunji, njira imene Linford ndi Chidsey anaionetsa mu 1993. Mfundo yake ndi yolimba, koma imafuna asidi wa HF, amene amalowa pakhungu mosapweteka poyamba n'kukawononga mkati. Musamugwire popanda wokuphunzitsani.

Tsono PDMS ali ndi khalidwe lake lokwiyitsa. Dontho la madzi pa PDMS wamba limaima ngati kampira, ngodya yake kupitirira madigiri 100. Mukamutulutsa mu plasma n'kudonthezapo madzi, dontholo limayala lokha fwaa, m'mphepete mwake osaonekanso. Munthu umasangalala, umamuika m'kabati, n'kupita kunyumba. M'mawa mwake ukadontheza, kampira kaja kabwerera. Timaunyolo tatifupi tosamangika timakwera kuchokera mkati n'kudzaphimba pamwamba. Ndiye pakani chopaka chanu nthawi yomweyo mukangotulutsa mu plasma. Ngati simungathe, musungeni womira m'madzi. Ena amayamba amuviika m'mankhwala osungunulira kuti timaunyoloto tituluke. Kumbukiraninso kuti PDMS amamwa timamolekyu tating'ono tokana madzi, choncho mwina china chimene mukuyeza chikuthera m'khoma la mpatawo.

Njira yachidule ya magazi, imene ambiri amainyoza koma imathandiza, ndi kuyamba mwadutsitsa albumin wa ng'ombe m'timipatamo kuti atenge malo onse. Mwaika litsiro lodziwika kuti losadziwika lisapeze pokhala. Pa maola ochepa zimatheka.

Koma za mumtsinje ndikuuzeni mosabisa: palibe chopaka chimene chidzakhale miyezi chokha. Yang'anani zipangizo zoyezera madzi zimene zimasiyidwa panyanja nthawi yaitali. Zili ndi kaburashi kozungulira kopukuta galasi pakapita mphindi zingapo, timbale ta kopa mozungulira diso lake, kapena kababu ka kuwala kwa UV-C kowalira pagalasipo. Mainjiniya amenewo amadziwa za PEG. Anangoona kuti burashi sikutha ntchito. Konzani chipangizo chanu moti chizitsukika, ndipo muikemo njira yochiyesera ndi madzi odziwika kuti muzidziwa pamene chayamba kunama.

Funso: Galasi la sola yanga layanga zobiriwira m'mphepete mwa m'munsi. Pali mankhwala opopera?

Yankho: Musapopere kanthu. M'munsimo felemu imatchinga madzi, fumbi limakhazikika, ndere n'kumera. Tsukani ndi madzi ndi nsalu yofewa m'mamawa galasi lisanatenthe, osakwecha ndi waya kapena mchenga, chifukwa mikwingwirima ndiyo idzasunge litsiro lambiri mtsogolo. Musachedwe nazo, popeza selo imodzi ikaphimbika imatsitsa mphamvu ya mzere wonse ndipo imatentha kuposa zinzake. Ngati sola yagona kwambiri, ipendekeni kufika madigiri 10 kapena kupitirira kuti mvula izikuthandizani. Galasi lodzitsuka lokha lilipo. Kampani ya Pilkington inatulutsa lake mu 2001, lopakidwa titanium dioxide amene amaphwanya litsiro dzuwa likawala. Nalonso limadikira mvula kuti ikokolole zophwanyikazo, ndipo zitosi za mbalame zimafunabe dzanja.

Funso: Ndinamva kuti asayansi atengera khungu la shaki ndi mapiko a tombolombo kupanga zinthu zimene tizilombo sitingakhalepo, popanda mankhwala alionse. Ndi nthano kapena zoona?

Yankho: Ndi zoona, ndipo ndi zokongola. Anthony Brennan wa ku University of Florida anasindikiza pasilikoni timizere toyalidwa ngati mamba a shaki, m'lifupi mamaikiromita 2 okha, pamene tsitsi la munthu limakhala cha m'ma 70. Njere za ndere za m'nyanja zinkavutika kupeza pokhazikika, ndipo zomatirira zinachepa kwambiri. Dzina lake ndi Sharklet. Ku Australia, gulu la Elena Ivanova linaona mu 2012 kuti mapiko a nyenje ali ndi timisomali ting'onoting'ono timene timang'amba bakiteriya akakhalapo. Mu 2013 anaonetsa kuti silicon wakuda, amene amadyedwa ndi plasma mpaka pamwamba pake pamera timinga tofanana ndi ta mapiko a tombolombo, amaphanso chimodzimodzi. Ku Harvard, Joanna Aizenberg ndi anzake mu 2011 anatengera chomera chodya tizilombo chokhala ngati chikho, n'kupanga malo a timabowo todzadza mafuta, oterera moti palibe chogwira.

Chimene nkhani za m'nyuzipepala zimasiya ndi tsiku lotsatira. Bakiteriya wolasidwa ndi minga sachoka, mtembo wake umatsala pomwepo, ndipo obwera pambuyo amakhala pamitembo osakhudza minga. Timizere ta shaki tikadzadza mapuloteni ndi dothi timasalala ngati malo ena alionse. Mafuta a malo oterera aja amatha pang'onopang'ono madzi akamadutsa. Kukula kwa timizere kumene kumasokoneza chamoyo china kumakhala koyenera bwino chinzake. Shaki za mitundu yambiri zimasambira osapuma, ndipo tombolombo kawirikawiri amakhala masabata ochepa chabe atamera mapiko.

Wogulitsa akakuonetsani chithunzi cha mabakiteriya ophedwa 99 peresenti, mufunseni kuti anayesa kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso m'madzi anji. Mayeso ambiri otere amatenga maola 24, m'madzi oyera a mulabotale, ndi mtundu umodzi wa bakiteriya. Mumupemphe zotsatira za mwezi wathunthu m'magazi, mumkodzo, kapena m'madzi a padoko, malinga ndi kumene inu mukufuna kukachigwiritsa ntchito.